Chambiko mu Injini ya Thirakitala

Pakhomo pa a Manase Mwalwimba ku Mlare panali poti mlendo akafika amavula yekha chipewa. Bwalo losesedwa, khola lomangidwa bwino, nthochi kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse ng'ombe zisanatsekuliridwe banja lonse limayamba lagwada kupemphera. A Manase anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa mpunga wosadziwa kudandaula. Akazi awo, a NyaKayira, anali mayi wa pakamwa pakuthwa koma wa manja opatsa. Mulungu anawapatsa ana awiri okha, Lyson ndi mlongo wake wamng'ono Yunike.

Koma m'munda wolimidwa bwino namonso namsongole amamera, ndipo pakhomo pano namsongoleyo anali Lyson.

Mutu anali nawo, pamenepo sindingamunamizire. Anakhala zaka ziwiri pagalaja ya a Yotamu ku Karonga Boma akuphunzira kukonza magalimoto, ndipo injini yodwala amaimva ndi khutu lokha. Koma ulesi wake, ha! A Yotamu atamupeza kachitatu ali m'tulo kunsi kwa lole, sipanala ili pamimba, m'kamwa mukununkha kachasu wadzulo, anamuuza kuti anyamule ovolosi yake aziona msewu. Anabwerera kumudzi n'kumauza anthu kuti galajayo inamuchepera. Kumunda amafika dzuwa litaswa mtengo, bambo ake atalima kale mpaka ng'ombe kutuluka thovu, iye n'kumaponda matope monyansidwa ngati wavala nsapato zaukwati.

Chaka cha 1977 Yunike anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Uraha dzina lake Morton, ndipo akuchimuna anapereka ng'ombe zisanu ndi imodzi za malowolo. Kwathu kuno ng'ombe zotere sizidyedwa msanga. Ukwati ukavuta mwana asanabadwe, mkazi amamasuka kubwerera kwawo pokhapokha ng'ombezo zitabwezedwa. N'chifukwa chake a Manase akamazitsekera madzulo ankati, "Izi si zanga. Iyi ndi njira ya mwana wanga yobwerera kwawo."

Lyson akaziyang'ana ng'ombe zomwezo ankaona zina. Anali atamva kuti ku Boma kuli munthu wina, a Patson, amene akugulitsa thirakitala yakale, ndipo akulola kulandira ng'ombe m'malo mwa ndalama. Kuyambira pamenepo bambo ake sanaonenso mtendere.

"Adada, mudzafera pagoli," anatero tsiku lina akudya. "Munda umene inu mumalima sabata yathunthu, thirakitala imaumaliza dzuwa lisanafike pamutu. Tikalimira anthu a kusikimu ya mpunga, pokolola tidzagula ng'ombe khumi. Zisanu ndi imodzizo zidzabwerera m'khola ndi anzake."

A NyaKayira anaseka chikhakhali chopanda chimwemwe. "Iwe khasu limakulemera, ndiye chitsulo chonsecho udzachitha? Ukungofuna mpando wapamwamba kuti atsikana a pa Mlare akuone, palibenso china."

Mayi uja analasa penipeni. Koma a Manase mawondo anali atayamba kuwavuta, ndipo mumtima mwawo munali chiyembekezo chimene chimapusitsa makolo ambiri, choti mwina mwana akapatsidwa ntchito yoikonda adzasanduka munthu. Patapita milungu itatu anamuitana.

"Ine sindigula ng'ombe ndisanaione mano, ndisanaimange pagoli," anatero. "Koma chitsulo sindichidziwa. Maso anga ndiwe. Kodi chimenechi amachiona bwanji mano?"

Lyson anayankha mosajejema, chifukwa ankadziwadi. "Umafika m'mamawa injini ili yozizira, uilize wekha. Ukaipeza yotentha, dziwa kuti mwini wake akubisa kanthu. Kenako umatsekula poika oyilo ndi poika madzi, n'kuyang'ana. Pomaliza umamanga pulawo n'kulima nayo."

"Ukachite zomwezo. Ukatengenso a Yotamu kuti maso akhale anayi. Ikakhala ndi chilema ngakhale chaching'ono, ng'ombe za mlongo wako sizituluka m'khola."

"Yewo, adada."

Tsiku la ulendo, Lyson ali pamsewu kudikira basi, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, Yunike anamutsatira. Anali atabwera kudzaona makolo Lamulungu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa nsalu paphewa. Msana wonse unali mikwingwirima, ina yakale yakuda, ina yatsopano.

"Adumbu, mlongo wanga, adada sindinawauze, angadwale nazo mtima," ananong'ona. "Ndikupirira kaye, mwina bamboyu asintha. Koma zikakanika, ine ndilibe kwina kodalira, ndi ng'ombe zija basi. Chonde, mukayang'anitsitse."

Lyson anagwira pachifuwa. "Ndife mimba imodzi, Yunike. Usade nkhawa."

Mawu amenewa muwasunge, chifukwa sanathe ngakhale tsiku limodzi.

Potsika basi ku Boma masana amenewo anapeza a Patson akumudikira kale. Anali bambo wonenepa wa kumwera, amene kale ankayendetsa magalimoto a boma, wolankhula Chichewa chosalala ngati cha pawailesi. Lyson, amene Chichewa chake chinkapunthwa ndi Chitumbuka, anadzimva kuti wakhala munthu wa m'tauni pongoyenda nawo limodzi.

"Amakaniki afika!" anafuula a Patson. "Mbiri yanu ndaimva, achimwene. Koma fumbi la msewu uwu limaumitsa kukhosi. Tiyeni tiyambe tatsuka."

"Ndimati ndikaone kaye a Yotamu."

"Madala aja? Amene anakuchotsani chifukwa cha nsanje? Ndiye inu ndi nzeru zanu zonsezi mukachite kugwiridwa dzanja ngati mwana wa sukulu?"

Basi, a Yotamu anathera pomwepo. Botolo loyamba linaitana lachiwiri, lachiwiri linabwera ndi abale ake. Munthu amene anatumidwa kukagwira injini yozizira m'mamawa anadzuka tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu, pakhonde la eni ake, ntchentche zikumuyenda pamilomo. Zonyansa.

Akufika pabwalo la a Patson anamva thirakitala ikulira kale. Inali yokongola, iyo! Penti yofiira yatsopano, matayala akuda bii, mpando woyalidwa chikopa cha mbuzi. Koma Lyson sanali mbuli. Anaona kuti yaimikidwa pamtsetse, mphuno kuloza kumunsi, mmene amaimikira chinthu chosalira popanda kukankha. Anaona kuti kuda kwa matayala kunali polishi wa nsapato wopakidwa m'ming'alu. Anagwira injini n'kuchotsa dzanja msanga. Inali itatenthetsedwa kuyambira kale.

"Tazimitsani, ndiilize ndekha," anatero.

"Ndizimitsa, koma batire ndi yobwereka, yake yeniyeni ili kotchajitsa. Musaivutitse."

Itazima, Lyson anatsekula chivindikiro cha poika oyilo n'kuchitembenuza. Kunsi kwa chivindikirocho kunali phala loyera, lokhuthala, lofanana ndendende ndi chambiko, mkaka wowawasa uja a NyaKayira amasunga m'chipanda. Wophunzira wa sabata imodzi amadziwa tanthauzo lake: madzi akulowa mu oyilo, injini inang'aluka m'kati. Anadikira rediyeta kuti ipole pang'ono, n'kutsekula, n'kuviika chala. Chinatuluka ndi ufa wophikika. Munthu uja anali atathiramo ufa wa mgaiwa kuti umate mng'alu kwa masiku ochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anadzutsa mutu n'kupeza a Patson akumuyang'ana, akumwetulira. Onse awiri anadziwa kuti mnzake wadziwa.

"Thirakitala iyi ndi yakufa," anatero Lyson, koma mawu ake anatuluka ofooka.

"Yakufa imalira? Mwaimva nokha. Ndi nkhalamba, inde, koma nyengo imodzi ilima. Ikalima nyengo imodzi, ng'ombe mwabweza, injini mwakonza. Kapena mukufuna kubwerera kukagwira mchira wa ng'ombe m'matope mpaka imvi?" A Patson anayandikira. "Bambo anu amadziwa mano a ng'ombe. Za chambiko cha mu injini azidziwira kuti? Amene ati awauze ndani?"

Ali kulankhula choncho anali akumasula wotchi padzanja lawo, ya lamba wachitsulo, ya manambala owala, imene anati inachokera kunja kwa dziko, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Anaimanga padzanja la Lyson pang'onopang'ono ngati akumanga chingwe pakhosi la mbuzi.

"Woyendetsa thirakitala ayenera kudziwa nthawi."

Ndikanakonda kukuuzani kuti mnyamatayu analimbana ndi mtima wake. Msana wa Yunike unamubwerera m'maso, inde. Koma anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana mpando uja, n'kudziona akudutsa pa Mlare anthu akuimirira. Anapukutira chala cha ufa kuthalauza, n'kutseka chivindikiro ndi dzanja lake lomwe. Pulawo sanaimange n'komwe.

Atafika kumudzi a Manase anamukhazika pansi pa mtengo wa mango.

"Unaipeza yozizira?"

"Ngati mwala wa mumtsinje, adada. Ndinangoigwira kamodzi, yalira."

"Oyilo?"

"Woyera ngati uchi."

"Unalima nayo?"

"Mizere isanu, pamalo ouma gwa."

"A Yotamu anati chiyani?"

"Anati mwayi wotere subwera kawiri."

Mabodza anayi, osaphethira ngakhale diso, pamaso pa bambo amene anamuphunzitsa Malamulo Khumi. A NyaKayira, amene ankapeta mpunga chapafupi, anaimitsa lichero.

"Nanga chonyezimira padzanjapo chachokera kuti?"

"Ndi mphatso, amama."

"Mphatso ya wogulitsa? Mwana iwe, wogulitsa akakupatsa kanthu ndiye kuti wakugula iweyo. Chosamva anachiphikira m'masamba."

Koma a Manase anati mwana wabwera ndi mawu a a Yotamu, ndipo iwo sangatsutse munthu wodziwa ntchito yake. Lachisanu anyamata a a Patson anabwera kudzatenga ng'ombe zisanu ndi imodzi zija pamodzi ndi matumba a mpunga owonjezera. M'khola munatsala ng'ombe ziwiri zokha zolimira, zokalamba, zimene a Manase anakana kuzitaya.

Tsiku loyamba thirakitala sinaone munda. Lyson anaizunguliza katatu pa Mlare, dzanja la wotchi lili pamwamba pa chiwongolero, manja a malaya atapinda mpaka m'zigongono. Tsiku lachiwiri inalima theka la munda, ikumwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Tsiku lachitatu, ili pakati pa munda wa mpunga, inayamba kutulutsa utsi woyera. Kenako rediyeta inawira, phala la ufa n'kumatumphuka. Lyson, m'malo mozimitsa, anaponda mafuta kuti anthu oonerera asaseke. Kunamveka kugogoda katatu, gu, gu, gu, ngati munthu akumenya mgolo, kenako zii.

Zimene zinakoka chitsulocho kuchichotsa m'matope ndi ng'ombe ziwiri zokalamba zija. Zinachikoka mpaka pakhomo, mudzi wonse ukutsatira pambuyo, Lyson ali pampando paja akuwongolera, nkhope ili pansi.

A Manase anatumiza uthenga kwa a Yotamu, ndipo anabwera panjinga. Anatsekula chivindikiro, anayang'ana, n'kulavula.

"A Mwalwimba, injini iyi inang'aluka kalekale, ndipo tsopano yanoka, yaferatu. Ina yotere simungaipeze kuno. Bwanji simunandiitane musanagule?"

A Manase anatembenuka pang'onopang'ono. "Kodi simunali naye limodzi?"

"Ine? Mnyamatayu ndinamuona komaliza tsiku limene ndinamuchotsa ntchito." A Yotamu anatukula chivindikiro chija pamaso pa Lyson. "Ichi ndinakuphunzitsa ndekha sabata yako yoyamba. Usandiuze kuti sunachione."

Lyson anangobisa dzanja la wotchi kumbuyo, ndipo aliyense anaona kuti walibisa.

A Manase sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Ndinakutuma kuti ukhale maso anga," n'kulowa m'nyumba. A NyaKayira ndiwo analankhula mawu oti sindingawabwereze m'buku lowerenga ana a mpingo. A Manase atathamangira ku Boma anapeza nyumba ya a Patson ili mbee, mwini wake atawoloka Songwe. Ng'ombe zinali zitadyedwa kale ngati ndiwo m'mabutchala.

Mvula ili pakati, m'mwezi wa Febuluwale, Yunike anatulukira pakhomo ndi kamtolo pamutu. Mlomo unali wong'ambika, diso limodzi lotsekeka. Anayenda wapansi kuchokera ku Uraha. Nkhani ya thirakitala anali ataimva, koma munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Anayang'ana m'khola, n'kukhala pansi pomwepo.

Patapita masiku awiri Morton anafika ndi bambo ake aang'ono, ndipo anakhala pabwalo. Lyson anakabisala kuseri kwa tayala lalikulu la thirakitala, pamene nkhuku zinali zitayamba kale kuikira mazira, koma ankamva zonse.

"Ife sitikana," anatero bambo aang'onowo. "Mwana ndi wanu, mutengeni. Koma mwambo mukuudziwa, ndinu mkulu. Mwana sanabadwe. Ng'ombe zathu zisanu ndi imodzi zibwerere."

"Tengani ziwiri zili m'kholazo," anatero a Manase. "Zinazo mundipatse zaka ziwiri."

"Ife tinabweretsa misoti. Mukutipatsa nkhalamba zopanda mano?"

"Tengani ndi thirakitalayo."

Morton anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Khola la nkhukulo? Apongozi, musandiseketse. Ng'ombe munadya, mkazi ndi wanga. Kukhoti mukapite, akakuuzani zomwezi."

Pamenepo a Manase, mkulu wa mpingo wa imvi zake, amene sanagwadirepo munthu koma Mulungu yekha, anayamba kutsika pampando kuti agwadire kamnyamata kamene kanang'amba mlomo wa mwana wawo. Bondo limodzi linali litafika kale pansi pamene Yunike anatuluka m'nyumba, kamtolo kaja kali pamutu.

"Adada, musagwade. Dzukani. Ndikupita."

A NyaKayira anamugwira nsalu akulira, koma Yunike anamasula zala zawo chimodzichimodzi. Njira yotuluka pakhomo inkadutsa pafupi ndi thirakitala. Atafika pamenepo anaima n'kuyang'ana pansi pamene panali mlongo wake. Ndipo mukhulupirire kapena ayi, wotchi ija anali adakaivala. Anangoikankhira m'mwamba n'kuiphimba ndi dzanja la malaya. Yunike anawerama, anapinda dzanja la malayalo, wotchi n'kuonekera ikuyenda bwinobwino.

"Adumbu," anatero ndi mlomo wotupawo, "tandiuzani nthawi. Ndisachedwe. Amuna anga sakonda kudikira."

Yunike anawongoka n'kutsatira Morton.

Mpunga usanache, uthenga unabwera woti Yunike ali kuchipatala, Morton atamumenyanso. Anali ndi pathupi pa miyezi itatu, ndipo panachoka. Khutu lakumanzere linagontha mpaka kalekale. A Manase anadwala kuyambira tsiku limenelo ndipo sanagwirenso pulawo.

Lyson anapita kukamuona kuchipatala, ataponya wotchi ija mumtsinje. Anagwada pambali pa bedi n'kulira, n'kuulula zonse, za mowa, za chambiko, za ufa, za mabodza anayi aja. Analankhula nthawi yaitali. Atamaliza anadikira yankho, koma Yunike anangoyang'ana kudenga. Namwino wina wodutsa ndiye anamugwira paphewa.

"Bambo, mwagwada mbali yolakwika. Kumeneko sakumva."

Lyson anazungulira bedi n'kuyambiranso. Ulendo uno Yunike anamva, ndipo anangoti, "Ndinakuonetsani msana wanga."

Lyson anasinthadi, zimenezo ndivomere. Mowa anausiya. Anamanga goli pa ng'ombe ziwiri zokalamba zija n'kumalimira anthu kuyambira mbandakucha, m'matope omwe ankanyansidwa nawo. Zinamutengera zaka zinayi kuti akwanitse ng'ombe zisanu ndi imodzi, ndipo zaka zinayi zonsezo mlongo wake anazikhala m'nyumba ya Morton. Tsiku limene anakamutenga, a Manase anali atagona kale kumanda. Yunike anabwerera kwawo ali mayi wowonda, wosaseka, woyenda atapendeketsa mutu. Mulungu amakhululuka, ndipo anamukhululukiradi Lyson, koma khutu lija silinatsekuke.

Tsono iwe mnyamata, iwe mtsikana amene ukuwerenga izi, imva. Akakutuma kuti ukakhale maso a munthu wina, ukanene chimene waona, ngakhale chitakulanda chinthu chimene mtima wako ukulakalaka. Mowa wa wogulitsa usamwe, mphatso yake usalandire, ndipo ulesi usausekerere poganiza kuti ukupweteka iwe wekha. Lyson sanabe ng'ombe usiku, sanamenye munthu. Anangotseka chivindikiro n'kunena kuti zonse zili bwino. Koma tchimo silifunsa kuti walichita ndani likamasankha woti alilipire. Wotchi anavala Lyson, zibakera analandira Yunike.